Kuyenda Pansi Mumzinda wa Valletta

Tatengani mapu a dziko lapansi. Yang'anani kumpoto kwa Africa, kumene kuli nyanja yaikulu yotchedwa Mediterranean. Nyanja imeneyi ndiyo idalekanitsa Africa ndi Ulaya. Pakati pa nyanjayo, kumwera kwa chilumba cha Sicily, muona kadontho kakang'ono ngati kanjere ka maŵere. Kadonthoko ndi dziko la Malta. Mapu ena sakaonetsa nkomwe.

Dziko la Malta lili ndi zilumba zitatu zokhalidwa ndi anthu: Malta, Gozo ndi Comino. Chachikulu mwa zitatuzi, chimene dziko lonse lidatengerako dzina, kutalika kwake ndi makilomita 27 okha. Munthu wa mphamvu zake atalaŵira m'mamaŵa, akhoza kuchidutsa chonse dzuŵa lisanaloŵe. Kumeneko kulibe mtsinje woyenda chaka chonse, ndipo mitengo ndi yosoŵa. Chochuluka ndi mwala, mwala wofeŵa wa maonekedwe onga uchi. Nanga nchifukwa chiyani mafumu amphamvu adalimbirana kadziko kotereka kwa zaka mazanamazana? Yankho lake ndi doko. Ku Malta nyanja idaloŵerera kumtunda nipanga madoko aŵiri akuya, m'mene zombo zimabisala namondwe akauka. Pakati pa madoko aŵiriwo pali kamtunda konga chala choloza m'nyanja. Pa chala chimenechi ndi pamene padamangidwa Valletta, likulu la dzikolo.

Ife ndi anthu a ku Malta tili ndi chinthu chimodzi chofanana. Tonse tidalamulidwapo ndi Angelezi, ndipo tonse tidalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964: Malaŵi pa 6 Julayi, Malta pa 21 Sepitembala.

Valletta ndi mzinda waung'ono zedi. M'litali mwake ndi kilomita imodzi, m'lifupi mwake ndi mamita ngati 600. Galimoto sithandiza kwenikweni m'menemo, pakuti miseu ina ndi makwerero okhaokha ndipo ina adailetsa kuyendamo galimoto. Mlendo wofuna kuudziŵa mzindawu ayenera kuyenda pansi, ndiponso mosafulumira. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Tiyeni tsono tiyerekeze kuti tafikako. Tavala nsapato zolimba ndi chipeŵa, ndipo tatenga madzi akumwa m'botolo, chifukwa miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, pamene kwathu kuno kukuzizira, kumeneko dzuŵa limaswa mtengo.

Njira yoyamba: pakati pa mzinda

Mabasi amatsitsa anthu kunja kwa mzinda, pafupi ndi kasupe wotchedwa Triton. Pamenepo pali zifanizo zitatu zamkuwa za anthu a michira ya nsomba, zitasenza mbale yaikulu yotuluka madzi. Kuchokera apo tiyenda pang'ono nkufika pa mlatho wa pachipata. Taimani kaye, musuzumire pansi. Mukuona chiyani? Ndi ngalande youma, yakuya mamita 18, yodula kamtunda konse kuchokera ku doko lina mpaka ku linzake. Idasemedwa m'thanthwe ndi manja a anthu, popanda makina, ndipo miyala yochokera m'menemo idathandiza kumangira malinga ataliatali amene tikuwaonaŵa. Anthu sangadzivute chotere popanda chimene adaopa. Kuti timvetse bwino, tiyenera kubwerera m'mbuyo.

Zaka zoposa 900 zapitazo, ku Jerusalem kudali gulu la anthu opembedza amene ankasamala alendo odwala. Gululo linkatchedwa la Yohane Woyera. Patapita nthaŵi anthu a gululo adayamba kugwiranso zida, nasanduka ankhondo. Adakhala pa chilumba cha Rhodes zaka zoposa 200, koma m'chaka cha 1522 Suleiman, mfumu ya ku Turkey, adawagonjetsa nawachotsapo. Adayendayenda kusoŵa pokhala mpaka 1530, pamene mfumu Charles V idawapatsa Malta. Msonkho wake udali wodabwitsa: mbalame imodzi ya mtundu wa kabaŵi chaka chilichonse.

Suleiman sadawaiŵale adani akewo, makamaka popeza zombo zao zinkafunkha zombo za amalonda ake. Pa 18 Meyi 1565 zombo pafupifupi 200 zidaoneka panyanja, zitadzaza asilikali zikwizikwi. Ankhondo a Yohane Woyera adalipo ngati 500 okha, pamodzi ndi asilikali olembedwa ganyu ndiponso Amalta eni dziko, amene adamenya nao nkhondo, amuna ndi akazi omwe. Mtsogoleri wao adali Jean de Valette, nkhalamba ya zaka ngati 70.

Masiku amenewo Valletta kudalibe. Pamene tikuyendapa padali phiri lopanda nyumba lotchedwa Sciberras, ndipo kunsonga kwake kudali linga laling'ono la St Elmo. Adaniwo adakweza mizinga yao pamwamba pa phirilo nayamba kuombera lingalo usana ndi usiku. Iwo ankayesa kuti aligwetsa m'masiku oŵerengeka, koma lidalimba mwezi wathunthu. Usiku uliwonse mabwato ankaoloka doko mwakachetechete kuchokera ku mudzi wa Birgu, kukatenga ovulala ndi kukasiya asilikali ena. Potsiriza njira imeneyo idatsekedwa. Pa 23 Juni St Elmo idagwa, ndipo pafupifupi onse amene adali m'katimo adaphedwa. Koma adaniwo adataya anthu ochuluka koposa, kuphatikizapo Dragut, katswiri wao wa nkhondo za panyanja. Mphamvu zao zidachepa, ndipo ngakhale adalimbana ndi Birgu ndi Senglea miyezi ina iŵiri, sadailande midziyo. Pa 7 Sepitembala asilikali othandiza adafika kuchokera ku Sicily, ndipo adaniwo adakwera zombo zao nabwerera kwao. Mpaka lero 8 Sepitembala ndi tsiku la tchuthi ku Malta.

De Valette adatolapo nzeru pa nkhondoyo: wokhala pamwamba pa Sciberras ndiye mwini madoko onse aŵiri. Motero pa 28 Malichi 1566 adaika mwala woyamba wa mzinda watsopano pa phiri lomwelo. Papa adatumiza mmisiri wake, Francesco Laparelli, kuti alinganize kamangidwe kake. Iyeyo atachoka, ntchito idapitirizidwa ndi Girolamo Cassar, mbadwa ya ku Malta komweko. De Valette adamwalira mu 1568 mzinda usanathe, koma dzina lake lidatsalira pa mzindawo.

Tiyeni tiloŵe. Chipata ichi nchachisanu kumangidwa pamalo ano, ndipo chidatha mu 2014. Chilibe chitseko ngakhale denga. Changokhala mpata pakati pa makoma aŵiri. Kudzanja lamanja kuli Nyumba ya Malamulo, imene idatsegulidwa mu 2015. Patsogolo pang'ono pali nsanamira zoduka. Ameneŵa ndi mabwinja a nyumba yaikulu ya zisudzo imene bomba lidaigwetsa mu Epulo 1942. Amalta adakangana zaka zambiri, ena nati imangidwenso, ena nati ai. Potsiriza adaika mipando pakati pa mabwinjawo, ndipo lero zisudzo zimachitikira pamtetete.

Tsopano tili mu Republic Street, msana wa mzinda wonse. Pa zikwangwani palembedwa kuti "Triq ir-Repubblika". Mau oti "triq" ndi Chimalta, ndipo atanthauza mseu. Chinenero chimenechi chidachokera ku Chiluya, pakuti Aluya adalanda zilumbazi m'chaka cha 870 nazilamulira zaka zoposa 200. Komabe Amalta ambiri ndi Akhristu, ndipo amalemba ndi malembo onga athu omweŵa. Ambiri amalankhulanso Chingelezi.

Miseu ya Valletta ndi yoongoka yokhayokha, ndipo imapingasana ngati mizere ya m'kope la masamu. Munthu sangasochere nthaŵi yaitali. Mukaima pa mphambano zina nkuyang'ana kumanja, muona nyanja kumapeto kwa mseu. Mukacheukira kumanzere, nyanjanso. Kamphepo kochokera kumadziko kamadutsa m'miseu yoongokayo nkuziziritsa mzinda. Amisiri adafuna kusalaza phiri lonse asanamange, koma adaopa kuti adani angabwerenso ntchito isanathe, choncho adalisiya. Nchifukwa chake miseu yam'mbali ndi yotsetsereka. Makwerero ake ndi aafupi ndi otambalala. Anthu amati adawapanga chotero kuti wankhondo wovala malaya achitsulo azikwera osapinda bondo kwambiri.

Musamangoyang'ana pansi ai. Kwezani maso muone makonde amatabwa olendeŵera pamwamba pa mseu, otchingidwa ndi mazenera, ena obiriŵira, ena ofiira. Munthu wokhala m'khonde lotere amaona onse odutsa koma iye osaoneka. M'ngodya za nyumba zambiri muli zifanizo za anthu oyera mtima. Pomanga mzindawu padali malamulo: nyumba za pangodya zikongoletsedwe, pasakhale dimba kutsogolo kwa nyumba, ndipo nyumba iliyonse ikhale ndi chitsime chosungira madzi a mvula.

Ankhondo aja adachokera m'maiko osiyanasiyana a ku Ulaya ndipo adagaŵidwa m'magulu 8 potsata zinenero zao. Magulu adali ndi nyumba zao zogonamo. Imodzi mwa nyumbazo, Auberge de Provence, ili mumseu uno ndipo tsopano amasungiramo zinthu zamakedzana. M'menemo muli kafanizo kadothi ka mayi wogona chammbali, kotha kukwanira m'dzanja, kamene kadaumbidwa zaka ngati 5,000 zapitazo.

Tikapitirira pang'ono nkukhotera kumanja tifika pa tchalitchi cha Yohane Woyera, chimene chidatha kumangidwa mu 1577. Kunja kwake sikukopa maso. Chimaoneka ngati linga. Koma mukangoloŵa mumagwira pakamwa. Makoma onse adasemedwa maluŵa ndi masamba nakutidwa ndi golide, ndipo kudenga kuli zithunzi za moyo wa Yohane Mbatizi zojambulidwa ndi Mattia Preti. Chodabwitsa koposa chili pansi pa mapazi anu. Pansi ponsepo ndi manda. Pali miyala ya pamanda pafupifupi 400, ya mabo wa mitundumitundu, uliwonse wokhala ndi dzina la wankhondo ndi chizindikiro cha banja lake. Nchifukwa chake nsapato za zidendene zosongoka saloleza m'menemo, kuopa kukanda miyalayo.

M'chipinda china cha tchalitchicho muli chithunzi chachikulu choonetsa kuphedwa kwa Yohane Mbatizi. Adachijambula ndi Caravaggio mu 1608. Munthu ameneyu adali waluso kwambiri koma wa mtima wapachala. Adafika ku Malta akuthaŵa mlandu wakupha munthu ku Rome. Ankhondo aja adamlandira, namloŵetsa m'gulu lao chifukwa cha luso lake. Sipadapite miyezi yambiri, adamenyananso ndi anzake, natsekeredwa m'linga la St Angelo. Adathaŵamo naolokera ku Sicily, ndipo gululo lidamchotsa. Pa zithunzi zake zonse, ichi chokha ndicho adalembapo dzina lake, ndipo adalilemba ndi utoto wofiira wa magazi a Yohane.

Tibwerere mu Republic Street. Posachedwa tifika pa bwalo la St George, pamene pali nyumba yachifumu ya atsogoleri a gulu lija. Lero muli ofesi ya Pulezidenti wa dzikolo, ndipo mbali ina amaonetsamo malaya achitsulo, malupanga ndi mfuti zakale. Pa bwalo limeneli padachitika chikondwerero chachikulu mu 1615. Zitsime za madzi a mvula zidali zitachepa chifukwa anthu adachuluka. Tsono mtsogoleri wina, Alof de Wignacourt, adamangitsa ngalande yotenga madzi ku akasupe a kumapiri a kuzambwe kwa chilumbacho, ndipo madziwo adatumphuka koyamba pabwalo pano. Vuto la madzi silidathe ku Malta. Masiku ano gawo lalikulu la madzi akumwa limachokera m'nyanja, makina atachotsa mchere.

Kuchokera pabwalopa mseu umatsetsereka, masitolo amachepa, phokoso nalo limazilala. Kumapeto kwake kuli St Elmo, linga lija, limene adalimanganso nalikuza. Patsogolo pake muona miyala yobulungira yoyalidwa pansi ngati zivundikiro za miphika. Zimenezi ndi nkhokwe. Ife timamanga nkhokwe pamwamba, koma iwo adakumba zao m'thanthwe, nathiramo tirigu, natseka pakamwa pake kuti chinyezi chisaloŵe. Tirigu wambiri ankachokera ku Sicily, ndipo anthu a pachilumba adadziŵa kuti mdani akatseka nyanja, njala ndiyo imayamba kupha mzinga usanaphe.

Njira yachiŵiri: m'mbali mwa doko lalikulu

Pa St Elmo tikhotere kumanja, titsate linga loyang'ana doko lalikulu lotchedwa Grand Harbour. Nyumba yaitali imene tiyambe kuipeza ndi Sacra Infermeria, chipatala cha ankhondo aja, chimene adayamba kuchimanga mu 1574. Chipinda chake chachikulu cha odwala nchotalika mamita 155, ndiye kuti pafupifupi bwalo la mpira limodzi ndi theka. Wodwala aliyense m'chipindamo adali ndi bedi lakelake, chinthu chosoŵa m'zipatala za masiku amenewo, ndipo chakudya ankalandirira m'mbale zasiliva. Ankhondo eni ake, ngakhale adali ana a mabanja olemera, ankasinthana kutumikira odwalawo. Lero nyumbayi ndi yochitiramo misonkhano.

Koma mbiri ya anthu ameneŵa ili ndi mbali ina imene sitiyenera kuibisa. Pafupi ndi chipatalacho padali ndende yaikulu ya akapolo. Nyumbayo kulibe tsopano. Zombo zankhondo za nthaŵi imeneyo zinkayenda ndi nkhafi, ndipo ambiri mwa opalasa adali akapolo omangidwa ndi unyolo pa mipando yao. Ankhondo a Yohane Woyera ankagwira anthu a ku Turkey ndi a kumpoto kwa Africa, ndiponso anthu akuda opezeka m'zombo zofunkhidwa, nawagulitsa kapena kuwagwiritsa ntchito. Akapolo adasenza nao miyala ya malinga okongolaŵa. Adani ao nawonso ankachita chimodzimodzi ndi Akhristu. De Valette mwini wake adapalasako nkhafi chaka chathunthu ali kapolo, ndipo Dragut nayenso zidamuonekera. Onse aŵiri adalaŵa kuŵaŵa kwa unyolo, koma atamasulidwa palibe adaleka kumanga anzake. Ukapolo udathetsedwa ku Malta mu 1798, pamene Napoleon wa ku France adalanda chilumbacho nachotsa ankhondowo. Afalansa sadakhalitse. Atayamba kutenga chuma cha m'matchalitchi, Amalta adawaukira naitana Angelezi kuti awathandize, ndipo mu 1800 Afalansa adagonja. Angelezi adabwera ngati othandiza, koma adakhala zaka 164.

Tikapitirira tipeza belu lalikulu lopachikidwa pakati pa nsanamira, limene lidaikidwa mu 1992 kukumbukira anthu oposa 7,000 amene adafa poteteza Malta pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. Moyang'anana nalo pali dimba la Lower Barrakka. Tipumulepo pang'ono pamthunzi, tidye pastizzi. Timeneti ndi timikate tokhuthyuka m'kamwa, toikamo tchizi kapena nsaŵaŵa zosinja, ndipo ndi totsika mtengo kotero kuti ndi ana a sukulu omwe amagula.

Kuchokera m'dimbali pali chikweza. Tidzera mu St Paul Street kuti tione tchalitchi chokumbukira kusweka kwa chombo cha Paulo Mtumwi. Amene mumaŵerenga Baibulo mukukumbukira kuti Paulo, popita ku Rome ali wandende, chombo chake chidasweka pa chilumba cha Melita, ndipo anthu onse 276 adapulumuka. Melita ameneyo, monga ambiri amakhulupirira, ndi Malta yemweyu. Chaka chilichonse pa 10 Febuluwale anthu amanyamula chifanizo cha Paulo nayenda nacho m'miseu, malipenga akulira.

Tiyesetse kufika ku dimba la Upper Barrakka nthaŵi isanakwane 12 koloko masana. Malo ameneŵa ndi okwera kwambiri pa linga lonse, ndipo ngati mlendo ali ndi ola limodzi lokha mu Valletta, abwere kuno. Doko lonse lili pansi pathu. Kutsidya kuli midzi itatu yakale, Birgu, Senglea ndi Cospicua, ndipo linga la St Angelo laima m'madzi ngati chombo chamwala. Kunsonga kwa Senglea kuli kanyumba ka mlonda, kamene pakhoma pake adasemapo diso ndi khutu, kukumbutsa mlondayo ntchito yake. Pansi pa dimbali pali mzere wa mizinga. Ikakwana 12 koloko msilikali amaomba umodzi. Gu! Nkhunda zonse balala, ndipo alendo osadziŵa amadzidzimuka. Kale kulira kwa mzingawu kunkathandiza oyendetsa zombo kukonza mawotchi ao.

Doko labatali lidaona zoopsa pakati pa 1940 ndi 1942. Malta idali m'manja mwa Angelezi, ndipo ndege ndi zombo zochokera pano zinkamiza zombo zopereka katundu kwa asilikali a Germany ndi Italy amene ankamenya nkhondo kumpoto kwa Africa. Choncho maiko aŵiriwo adatsimikiza zoiphwanya Malta. Ndege zao zidabwera kudzaponya mabomba maulendo oposa 3,000. Anthu adakumba mapanga m'thanthwe lofeŵa lija, namagona m'menemo, ana namabadwira momwemo. Pa 15 Epulo 1942 mfumu George VI idapereka mendulo ya ulemu, George Cross, kwa anthu onse a pachilumbacho. Mendulo imeneyi ili ku St Elmo, ndipo chithunzi chake chili pa mbendera ya Malta.

Koma mendulo sadya. Pofika Ogasiti chaka chomwecho ufa ndi mafuta zidali pafupi kutha. Angelezi adatumiza zombo 14 za katundu, zoperekezedwa ndi zombo zankhondo zambiri. Panjira adani adazithira moto usana ndi usiku, ndipo zidafika 5 zokha. Chotsiriza chidali Ohio, chonyamula mafuta. Chidali chitabooka, injini itafa, madzi atatsala pang'ono kuchimiza. Zombo ziŵiri zankhondo zidachigwiriziza uku ndi uku, monga anthu aŵiri amathandizira mnzao wovulala mwendo, ndipo pa 15 Ogasiti chidaloŵa m'doko. Anthu adadzaza pa malinga onseŵa, pano pamene taima pomwe, akukuŵa ndi kulira.

Ofuna kutsikira kudoko sasoŵa kuvutika ndi makwerero. Pambali pa dimbali pali chikepe chotalika mamita 58, chimene chidatsegulidwa mu 2012. Pansipo pali timabwato topakidwa utoto woŵala, totchedwa dgħajsa, toolotsa anthu kupita ku Birgu. Kale mwini bwato ankapalasa ali chiimire, atayang'ana kutsogolo. Lero ambiri adaika injini.

Njira yachitatu: kumene kumakhala eni mzinda

Njira iyi njofunika kuiyenda madzulo, dzuŵa litapepa. Imayambira ku dimba la Hastings, pafupi ndi chipata, nitsata linga loyang'ana doko laling'ono la Marsamxett. Kuno alendo ndi ochepa. Muona zovala zitayanikidwa m'makonde, amphaka atagona pamakwerero, ndi anyamata akusambira pa matanthwe a pansi pa linga. Muonanso m'mene mphepo yamchere imadyera mwala wofeŵa uja, mpaka khoma kuchita maenjemaenje ngati chisa cha njuchi. Amisiri amakhalira kuchotsa miyala yodyeka ndi kuikamo yatsopano.

M'chaka cha 1980 bungwe la UNESCO lidaika Valletta pa mndandanda wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala. Kuyambira nthaŵi imeneyo nyumba zambiri zidakonzedwa ndipo alendo adachuluka. Zombo zikuluzikulu, zotalika kuposa nyumba zosanja, zimakocheza m'doko nkutsitsa anthu zikwi zingapo m'maŵa umodzi. Alendowo amabweretsa ndalama, ndipo anthu ambiri a ku Malta amadyera pomwepo. Koma taŵerengani zitseko zimene zili ndi maina a mahotela. Nkhondo yachiŵiri isanayambe, mu Valletta munkakhala anthu oposa 20,000. Pa kalembera wa 2021 adapezeka ongopitirira 5,000. Ena adachoka nyumba zao zitagwa ndi mabomba, ena adatsata nyumba zatsopano kunja kwa malinga, ndipo masiku ano mabanja achinyamata amalephera kubwerera chifukwa mtengo wa nyumba udakwera. Otsalawo ambiri ndi okalamba, ndipo makwerero amene ife tawayamikira aja, kwa iwo ndi mtolo wa tsiku ndi tsiku. Mlendo woyenda m'miseu imeneyi azikumbukira kuti kuseri kwa zenera lililonse lotsekula kuli munthu amene mwina akufuna kugona.

Mseu wotsetsereka utifikitsa pa kadoko ka Marsamxett. Pamenepo tikwera bwato lopita ku Sliema, ulendo wa mphindi ngati 10. Tikhale kumbuyo kwa bwatolo kuti tiziona kumene tachokera. Pamwamba pa malinga paoneka denga lobulungira la tchalitchi cha Akatolika, ndipo pambali pake nsanja yosongoka ya tchalitchi cha Angilikani chimene chidatha mu 1844. Kumanzere, kunsonga, kuli St Elmo. Mwala wonga uchi uja dzuŵa likamaloŵa umasanduka wofiirira, kenaka nyale za m'makonde zimayamba kuyaka imodziimodzi.

Mafunso

1. Kodi Valletta idamangidwa pakati pa madoko ati?
2. Nchiyani chimene Malaŵi ndi Malta adalandira m'chaka cha 1964?
3. Fotokozani chifukwa chimene de Valette adasankhira phiri la Sciberras.
4. Chifukwa chiyani miseu yam'mbali ili ndi makwerero?
5. Nkhokwe za ku St Elmo zikusiyana bwanji ndi nkhokwe za kwanu?
6. Kodi ndani ankapalasa zombo za ankhondo a Yohane Woyera? Inu mukuganiza zotani za anthu amene ankasamala odwala uku akusunga akapolo?
7. Simbani m'mau anuanu m'mene chombo cha Ohio chidaloŵera m'doko.
8. Tchulani ubwino ndi kuipa kwa kuchuluka kwa alendo mu Valletta.

Zochita

(a) Perekani matanthauzo a mau aŵa ndipo mupange chiganizo ndi liu lililonse: doko, linga, namondwe, mabwinja, nkhafi, kufunkha, kukocheza, mtima wapachala.

(b) Jambulani chala choloza m'nyanja m'kope mwanu. Lembanimo chipata, Republic Street, St Elmo, Upper Barrakka ndi madoko aŵiri. Onetsani njira zitatu zija ndi mizere yosiyana.

(c) Mlendo wafika kwanu ndipo ali ndi ola limodzi lokha. Lembani ndime ziŵiri zofotokoza njira imene mungamuyendetse, malo amene mungaime, ndi zimene mungamuuze pa malo aliwonse. Funsani agogo anu mbiri ya malowo musanalembe.